Mawu a Lachinayi

Aphunzitsi a Mulepa analemba mawu khumi pa bolodi,
choko chikulira ngati mbewa yopanidwa pachitseko.
"Onsewa ndi a nkhondo.
Mawa ndipeze matanthauzo ake m'makope mwanu."

Ndinabwereka dikishonale ya Esinala,
yothothoka chikuto, yoyambira pa B,
n'kuibisa m'juzi kuopa chiperoni
mpaka pa Muloza,
pomwe amalume a Khoromana amamata machubu a njinga
pansi pa lata limodzi.

Ndinayamba ndi tank.
Imeneyo ndimaidziwa, ili kuseri kwa sukulu, imadontha.
Amalume anati ya kwawo inkayenda,
inadutsa m'munda wa chinangwa osapempha njira.

Fire: moto.
Fire: womba mfuti.
Lachitatu amayi analiphunzira ku esiteti
m'mawa womwe kapitawo anawalanda dengu la tiyi
n'kuwalozera kugeti.

Shell, bukulo likuti chigoba cha nkhono,
khoko la mtedza, la dzira.
"Ife sitinkachitcha dzina," anatero amalume,
akumiza chubu m'beseni kusaka pobooka.
"Umangomva likhweru lochokera kuphiri,
nkhuku zonse zii,
kenako uwerenge ana."

Casualty ndinaliwonapo kale,
lolembedwa ndi penti yofiira pachitseko kuchipatala cha paboma.
Ndinkayesa dzina la dokotala.

Ndiye mine.
Poyamba likuti: changa.
Kachiwiri: mgodi,
uja agogo aamuna anasiyako mapapo
n'kubwerako ndi wailesi ndi chipewa.
Kachitatu, m'tizilembo tating'ono:
bomba lokwiriridwa m'dothi.
Ndinafunsa kuti ndilembe liti.
Amalume anapukuta guluu m'zala.
"Lemba onse, ndi mawu amodzi amenewo.
Munda unali wanga, kuseri kwa Milanje.
Nandolo anali wanga, ndinadzala ndekha.
Pansi pake wina anakumba kamgodi kake
n'kusungamo chuma chake."
Sanaloze.
Buluku lawo lakumanzere, lopindidwa ndi pini pabondo,
linkagwedezeka lokha ndi mphepo ya m'mpata.

Ceasefire: kuleka kuwomberana.
"Eya, tinamva pa wailesi ija ya agogo ako.
Tinavina mumsasa mpaka fumbi kulowa m'mano.
Ndinawoloka mtsinje mwezi wotsatira
ndi khasu latsopano.
Akuluakulu anasainirana mapepala, anagwirana chanza,
koma palibe anawerama
kukauza zomwe zinali pansi pa nthaka."

Anabwera mnyamata wa kabaza, tayala lili phwa,
zinanazi khumi ndi ziwiri pakaliyala.
Amalume anamuthandiza osayang'ana katunduyo.
Zinanazi sadya. Akuti khungu lake
limafanana ndi kanthu kena kokwana m'dzanja.
Grenade ndinalemba ndekha, sindinafunse.

Retreat: kubwerera m'mbuyo.
Refugee: wothawa kwawo.
Awiriwa ali pafupi m'buku,
masamba atatu okha pakati pawo,
ngati Muloza ndi Milanje.

Anatsala ambush ndi arms.
A yense anapita ndi chikuto,
mwina anakulungira fodya, mwina mandasi.
Arms tinaphunzira ku sitandade wani,
tikugwira mapewa, tikuimba ziwalo za thupi.
Ndinayang'ana mikono ya amalume,
yomwe inatenga ntchito ya mwendo,
yokhuthala ngati mizu ya mbawa,
ndipo ndinalemba: mikono.
Pa ambush ndinasiya mpata.
Amalume anati mpatawo ndi wokhoza,
chifukwa nayonso imayamba choncho,
njira ili yoyera, mbalame zikuimba bwinobwino.

Lachisanu kope linabwerako
ndi zisanu ndi chimodzi pa khumi.
M'mphepete, ndi inki yofiira:
"Tanthauzo limodzi pa liwu lililonse. Usatalikitse."

Madzulo ndinawaonetsa amalume.
Anaseka mpaka kutsokomola,
n'kundituma ndikawatengere ndodo yawo
yomwe inagwera kuseri kwa benchi.